Nyimbo zanu zikhale ndi kwawo

Nyimbo imodzi ili mu laputopu, ili mu foni, ili pa memori khadi ya mu sipika, ilinso pa fulashi ya m'galimoto. Kwina ikutchedwa "Track 03", kwina yatenga dzina la yemwe anakutumizirani pa WhatsApp. Khadiyo ikadzafa, simudzadziwa n'komwe kuti zatayika ndi ziti.

Langizo langa kwa aliyense wobwera ndi vuto limeneli ndi lakuti asankhe malo amodzi okhala kwawo kwa nyimbo zonse, makamaka foda imodzi pa kompyuta. Nyimbo yatsopano iyambe yafika m'menemo, ikonzedwe, kenako ipite ku foni kapena pa khadi. Isamayende chobwerera. Eni iPod (kachipangizo kam'manja koimbira nyimbo), imene kampani ya Apple inatulutsa mu 2001 n'kuisiya mu 2022, amalidziwa bwino lamuloli. Ukailumikiza ku iTunes (pulogalamu ya nyimbo ya Apple) ya pa kompyuta ina n'kuvomera kuti zigwirizane, nyimbo zonse zimene zinalimo zinkafufutika, n'kulowa za mwini kompyutayo.

Kukonza kumene ndikunena n'kumene anthu amakuchitira ulesi. Fayilo ya MP3 ili ndi kachikalata mkati mwake kotchedwa ID3 tag, kosunga dzina la nyimbo, woimba, chimbale, chaka ndi nambala yake pa chimbalepo. Mapulogalamu ambiri oseweretsa nyimbo amawerenga kachikalatako, dzina la fayilo salilabadira. N'chifukwa chake mumasintha dzina pa kompyuta koma foni n'kumakakamirabe kuti "Unknown artist". Pulogalamu ya Mp3tag imakonza nyimbo zambiri nthawi imodzi, pomwe MusicBrainz Picard imatha kuzindikira nyimbo n'kudzaza yokha, ngakhale kuti nyimbo za kwaya ya kutchalitchi kwanu mudzalemba nokha ndithu. Dzina la woimba mulilembe mofanana paliponse. Mukasiyanitsa chilembo chimodzi chokha, foni imaona oimba awiri.

Za kukula kwa mafayilo, MP3 ya 128 kbps (muyezo wa kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse ya nyimbo) imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ya 320 kbps imadya 2.4 MB, pomwe CD imafika 10 MB. FLAC, mtundu wina wa fayilo ya nyimbo, imachepetsa kukula kwa nyimbo za pa CD mwina ndi theka popanda kutaya kanthu, motero ndi yoyenera kusunga pa kompyuta, MP3 n'kumapita pa khadi. Musavutike kusandutsa ya 128 kukhala 320. Mawu amene anatayika sabwerera, mwangotupitsa fayilo.

Mawailesi ambiri a m'galimoto ndi masipika otchipa amawerenga khadi ya FAT32 yokha (iyi ndi njira imene khadi imasanjira mafayilo), koma makhadi opitirira 32 GB amabwera ali pa njira ina yotchedwa exFAT. Khadi imatha kukhala yabwinobwino, wailesi n'kungoti zii. Ena mwa mawailesiwa amaimba motsatira mmene nyimbo zinalowera pa khadi, osati motsatira maina, ndiye ngati ndondomeko mukuifuna, koperani chimbale chimodzichimodzi pa khadi yopanda kanthu. Mainawo muwayambe ndi 01, 02, chifukwa mukalemba 1, 2, zipangizo zina zimaika 10 patsogolo pa 2.

Foda ya pa kompyuta ija ikhale ndi inzake pa hadi disiki yakunja, yoti muziikopera mukawonjeza nyimbo. Fulashi imene imayendayenda m'makompyuta a kumsika musaiwerengere ngati posungira, chifukwa ndi imene imabwerako ndi vairasi yobisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha.