Mtima Ukaima Mwadzidzidzi: Manja a Anthu Apafupi ndi Makina a AED

Pa 12 Juni 2021, mpira uli mkati pakati pa Denmark ndi Finland mumzinda wa Copenhagen, osewera Christian Eriksen anangogwa yekha, popanda womugunda. Mtima wake unali utaleka kupopa magazi. Azachipatala anathamangira pabwalo, n'kuyamba kumudinikiza pachifuwa, kenako anamulumikiza ku makina a defibrillator, amene amapereka mphamvu ya magetsi kumtima kuti uyambenso kugunda bwino. Anatsitsimuka, ndipo patapita miyezi anabwereranso kumpira. Thandizo linali naye pafupi. Anthu ambiri amene mtima umawaimira chonchi amagwera kunyumba, ndipo woyamba kuwaona ndi mkazi wawo, mwana kapena mnansi. Uthenga uno ndi wa anthu amenewo.

Chimachitika n'chiyani m'thupi?

Mtima umagunda motsatira mphamvu yonga magetsi imene umapanga wokha. Mphamvuyi ikasokonekera, mtima umangonjenjemera osatulutsa magazi. Munthu amagwa, sayankha, ndipo sapuma bwino. Ubongo ukakhala mphindi 4 mpaka 6 wopanda magazi umayamba kuwonongeka, ndipo mphindi iliyonse imene yadutsa popanda thandizo imachepetsa mwayi wopulumuka ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100 alionse. Ambulansi, ngakhale yothamanga chotani, kawirikawiri siifika m'nthawi yochepa chonchi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapusitsa anthu ambiri. Munthu amene mtima waima nthawi zina amakoka mpweya mwa apo ndi apo, ngati akuliza mkonono kapena akubanika. Oona amati "akupuma, wangokomoka," n'kumamupepereza podikira kuti adzuke. Kumeneko si kupuma. Ngati munthu sakuyankha ndipo kapumidwe kake n'kachilendo, muyambeni thandizo pompo.

Zoyenera kuchita

Mugwedezeni paphewa n'kumuitana mokweza. Akapanda kuyankha, lozani munthu mmodzi mwachindunji kuti aimbe foni ku nambala ya ngozi zadzidzidzi, ndi wina kuti akatenge AED, defibrillator yaing'ono yonyamula m'manja, ngati ilipo pafupi. Mukangofuula kuti "wina aimbe foni," aliyense amayesa kuti mnzake waimba kale.

Mugonekeni chagada pamalo olimba. Gwadani pambali pake, ikani chikhatho chimodzi pakatikati pa chifuwa, china pamwamba pake, mikono ili yowongoka. Dinikizani mwamphamvu kuti chifuwa chilowe masentimita 5 mpaka 6, ndipo muzitero ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi, mukulola chifuwa kubwerera m'malo nthawi iliyonse. Amene anaphunzira amadinikiza ka 30 n'kumuuzira mpweya m'kamwa kawiri. Ngati simunaphunzire, kapena simungathe kuika pakamwa panu pa munthu wosamudziwa, dinikizani basi osalekeza. Kwa munthu wamkulu amene wagwa mwadzidzidzi zimenezi zimathandiza kwambiri. Kwa mwana, kapena munthu amene wamira m'madzi, kuuzira mpweya n'kofunika kwambiri. Ntchitoyi ndi yotopetsa, choncho muzisinthana pakatha mphindi ziwiri zilizonse.

Nthiti ikhoza kuthyoka. Musaleke chifukwa cha zimenezo, nthiti imapola.

Makina a AED

Kudinikiza pachifuwa kumayendetsa magazi kuti ubongo usafe, koma chimene chimaletsa kunjenjemera kwa mtima kuja ndi mphamvu ya magetsi yochokera ku defibrillator. Dokotala wa ku Belfast, Frank Pantridge, ndi amene mu 1965 anapanga makina otere oti n'kuyenda nawo mu ambulansi, ndipo ankalemera pafupifupi makilogalamu 70. AED ya masiku ano munthu amainyamula ndi dzanja limodzi, ndipo anaipangira anthu wamba. Mukaiyatsa imalankhula, n'kumakuuzani chochita. Mumavula chifuwa cha wodwalayo, kuchipukuta ngati chanyowa, n'kumata timapepala tiwiri monga mmene chithunzi chake chikusonyezera. Makinawo amayeza okha mtima ndipo sapereka magetsi kwa munthu amene sakufunikira. Akanena kuti aliyense atalikire, onetsetsani kuti palibe wogwira wodwalayo. Magetsi akangodutsa, yambiraninso kudinikiza.

Pano tinene mosabisa. Amayi akagwa pagulu, sathandizidwa kawirikawiri ngati abambo, chifukwa anthu amachita manyazi kugwira kapena kuvula chifuwa cha mayi. Manyazi amenewa amaphetsa. Ena atchingire ndi nsalu, koma manja asachoke pachifuwa.

Ntchito ya anthu a m'dera

Kumene anthu ambiri akupulumuka, zinayamba ndi kuphunzitsa anthu wamba. Ku Seattle, m'dziko la America, anayamba kuphunzitsa anthu a mumzinda kutsitsimutsa munthu mu 1971. Dziko la Denmark linalamula mu 2005 kuti ana aziphunzira zimenezi kusukulu, ndipo mu 2006 linawonjezera onse ofuna laisensi yoyendetsera galimoto. Ku Denmark komweko, mu 2001, mwa anthu 100 alionse amene mtima unawaimira kunja kwa chipatala, pafupifupi 21 okha ndi amene ankathandizidwa ndi anthu apafupi. Pofika 2010 anali pafupifupi 45, ndipo opulumuka anachuluka pafupifupi katatu. Mu 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza mfundo yoti ana, kuyambira zaka 12, aziphunzira maola awiri chaka chilichonse. Maola awiri okha. Mwana akaphunzira, madzulo amakaonetsa apabanja pake, ndipo luso limalowa m'nyumba momwe anthu ambiri amagweramo.

Kugula makina ndi mbali yosavuta. Gulu likhoza kusonkha ndalama, kugula AED, kuchita mwambo woilandira, kenako n'kuitsekera mu ofesi imene imatsekedwa madzulo ndiponso kumapeto kwa sabata. Mtima susankha ola. N'chifukwa chake m'midzi ina ya ku Britain anatenga tinyumba takale ta matelefoni ta m'mbali mwa msewu n'kuikamo ma AED, kuti munthu aziwapeza usana ndi usiku. M'dziko lomwelo muli kaundula wotchedwa The Circuit, woti wolandira foni ya ngozi azitha kuuza woimbayo pamene pali makina apafupi. Makina amene sanalembetsedwe ndipo anthu sakuwadziwa sangathandize munthu, ngakhale ali kuseri kwa khoma limene wagwera.

Posankha malo, ganizirani pamene anthu amasonkhana kwambiri: mabwalo a masewera, masukulu, nyumba zopemphereramo, malo okwerera mabasi, malo a ntchito. Yesani kuyenda mothamanga kuchoka pamalopo kupita kumene kuli makina n'kubwerera. Ngati mwatha mphindi zoposa zitatu kapena zinayi, ali patali. Pakhale chikwangwani chooneka bwino, chimene kawirikawiri chimakhala chobiriwira, chokhala ndi mtima woyera ndi kamphezi pakati.

Nanga kumene ndalama za makina sizinapezeke? Yambani ndi manja. Maphunziro amafuna mphunzitsi wodziwa, monga a Red Cross kapena azachipatala, chidole chophunzirira, ndi malo ogwada. Tsiku la 16 Okutobala, limene maiko ambiri amakumbutsana za kutsitsimutsa mtima, ndi poyambira pabwino. Luso limeneli limazilala munthu akapanda kuliyeserera, choncho muzikumananso chaka ndi chaka, osati kamodzi basi.

Ndipo AED iliyonse ikhale ndi munthu wodziwika woiyang'anira, ndi wachiwiri wake. Batire limatha, timapepala tomata tija tili ndi tsiku lothera ntchito, ndipo tikagwiritsidwa ntchito kamodzi timafunika tatsopano. Woyang'anirayo aziyendera makinawo pafupipafupi, aone ngati kachizindikiro kosonyeza kuti ali bwino kakuoneka, n'kulemba tsiku m'kabuku kamene kamakhala m'bokosi momwemo.