Musazimitse foni chifukwa cha Mars

Uthenga uja wabweranso m'magulu a WhatsApp kuno ku Harare: ati zimitsani mafoni usiku uno, cheza choopsa chochokera ku Mars chidutsa pafupi. Ndi bodza.

Mars ndi dziko lina lozungulira dzuwa, la miyala ndi fumbi lofiira ndi dzimbiri, limangobweza kuwala kwa dzuwa basi. Kumazizira pafupifupi madigiri 60 pansi pa ziro, ndipo mpweya wake ndi wochepa zedi. Ngakhale mu 2003, litayandikira kwambiri dziko lathu, linali pa mtunda wa makilomita 56 miliyoni.

Cheza cha m'mlengalenga chilipodi, koma chimachokera ku dzuwa ndi nyenyezi zophulika, usana ndi usiku. Mpweya wa dziko lathu ndi mphamvu yake ya maginito ndi zimene zimatitchinga, foni ikhale yoyaka kapena yozima.