Kudandaula za khansala ku Mangochi: mafunso amene mukutifunsa tsiku ndi tsiku

Chilowereni makhansala atsopano pambuyo pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, benchi ya pakhonde pa ofesi yathu yolangiza anthu za malamulo kuno ku boma sikhala yopanda munthu. Ena amachokera ku Makanjira, ena ku Namwera, atawononga ndalama zambiri za thiransipoti, n'kubwerera okhumudwa poti chimene akufunacho sichili m'manja mwathu. Werengani izi musananyamuke.

Tamva pa WhatsApp kuti tsopano khansala wolakwa aziimitsidwa miyezi 6. N'zoona?

Nkhaniyo ndi ya ku England. Mu Disembala 2024 boma la kumeneko linafunsa maganizo a anthu pa zopatsa makhonsolo mphamvu yoimitsa khansala wophwanya mwambo mpaka miyezi 6. Si lamulo la ku Malawi. Kuno timayendera Local Government Act ya 1998 ndi zosintha zake.

Bwanamkubwa angamuchotse khansala?

Ayi. Khansala sanalembedwe ntchito ndi bwanamkubwa (DC), anasankhidwa ndi anthu a m'wodi mwake.

Nanga ife amene tinamuvotera, tikasainirana mayina ambiri?

Funsoli limatiwawa kuyankha, chifukwa anthu amabwera ndi mapepala odzaza zidindo za zala, atayenda mudzi ndi mudzi. Mayinawo paokha sachotsa munthu pampando. Ngakhale kwa aphungu, gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, limene linkalola anthu kuchotsa phungu wawo, linafufutidwa mu 1995. Mpando wa khansala umakhala wopanda munthu pa zifukwa zimene lamulo linatchula, monga imfa, kutula pansi udindo, kapena chigamulo cha khoti pa milandu ina, ndipo zikatero bungwe loyendetsa zisankho la MEC limachititsa chisankho chachibwereza. Koma mapepala anuwo musataye. Kalata ya anthu ambiri yopita kwa wapampando wa khonsolo imalemera kuposa mawu a munthu mmodzi.

Ndinapatsa khansala ndalama kuti andilembe pa Mtukula Pakhomo kapena andipezere malo mumsika. Sizinatheke. Ndingabwezeredwe?

Apa tiyankha mosamala, ndipo musatenge yankholi ngati lonjezo.

Poyamba, kulembedwa pa Mtukula Pakhomo kapena pa zipangizo zaulimi zotsika mtengo salipiritsa, ndipo si khansala amene amasankha mayina payekha. Ndalama iliyonse yoyenera kulowa ku khonsolo, ngati ya chiphaso cha msika, imakhala ndi lisiti. Ngati munapereka kuseri kwa sitolo popanda lisiti, ndalamayo sinafike ku khonsolo, choncho khonsolo sidzavomera kuti ili nanu ngongole.

Chachiwiri ndi chimene ambiri safuna kumva. Lamulo la Corrupt Practices Act limaletsa kulandira chiphuphu, limaletsanso kupereka. Sitikunena izi kuti muope n'kukhala chete. Pali kusiyana pakati pa munthu amene ananamizidwa kuti imeneyo ndi ndalama yolembetsera, ndi munthu amene anadziwa kuti akugula malo a mnzake pamndandanda. Koma woona kusiyanako ndi a bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, apolisi ndi khoti, osati ife. Mayi wina wogulitsa usipa anatifikira ndi foni yong'aluka galasi, koma uthenga wa Airtel Money unali momwemo: tsiku, nambala, ndi kuchuluka kwa ndalama. Umenewo ndiwo umboni. Wina anangoti "aliyense kwathu akudziwa", koma titafunsa woti angaikire umboni, panalibe ndi mmodzi yemwe. Musafufute mauthenga, lembani tsiku ndi amene analipo, ndipo mubwere tikambirane kaye musanapite kukapereka sitetimenti. Zakuti ndalama ibwerera, nthawi zina zimatheka khoti likalamula, koma kawirikawiri zimatenga nthawi.

Ndiye dandaulo ndipite nalo kuti?

Zimatengera mlandu. Kutukwana pamsonkhano, kusabwera ku komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC), kukondera a chipani chake: lemberani wapampando wa khonsolo, kope ina ipite kwa DC, ina musunge yodindidwa chidindo. Ziphuphu ndi za ACB. Kumenya, kuopseza kapena kufuna chiwerewere posinthana ndi thandizo, thamangirani kupolisi, musadikire khonsolo. Ngati khonsoloyo yakhalira dandaulo lanu, ofesi ya Ombudsman, yomva madandaulo a anthu pa maofesi a boma, ilipo.

Kudandaula n'kolipira?

Ayi. Ndipo ngati Chiyao ndicho mumamasuka nacho, lankhulani Chiyao, tikuthandizani kulemba.

Ntchito yomanga mlatho kwathu yapita kwa mlamu wa khansala. N'zololedwa?

Khansala amene ali ndi phindu pa nkhani imene khonsolo ikukambirana ayenera kuulula, ndipo asatenge nawo mbali pa chiganizocho. Ubale wokha si umboni woti panachitika chinyengo. Pemphani mwa kalata kuti muone maminitsi a msonkhano wa khonsolo ndi mmene kontilakitayo inaperekedwera. Lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, limakupatsani ufulu umenewu, ndipo akakukanizani mungadandaule ku Malawi Human Rights Commission.

Anthu akuti ofesi yanu imakhalira kumbuyo makhansala.

Timamva, ndipo si zoona. Ife tilibe mphamvu yoweruza kapena kulanga munthu, ntchito yathu ndi kukulozerani khomo loyenera ndi kukuthandizani kulemba. Chimene tingavomere n'chakuti makalata ena tinachedwa kuwalondola, makamaka a anthu a kutsidya kwa Shire amene sanasiye nambala ya foni. Ngati lanu lili m'gulu limenelo, bwerani ndi kope yanu, kapena tumani wachibale wodalirika aibweretse.