Timitambo tiwiri ta moto tikakumana pakati

Mukadutsa pa Siyaso, malo a amisiri ku Mbare mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, mumapeza anyamata owotcherera zitsulo atabisa nkhope kuopa kuwala kothobwa m'maso kuja. Kuwala kumeneko kumachokera ku plazima, mpweya wotentha kwambiri moti maatomu ake ataya ena mwa maelekitironi awo.

M'malabotale plazima amaipanga ndi leza, chipangizo chotulutsa kuwala kwamphamvu kolunjika pamalo amodzi. Kuwala kwa leza ya mtundu wotchedwa Nd:YAG kumamenya chitsulo, monga aluminiyamu, kwa mananosekondi owerengeka chabe, ndipo nanosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a sekondi. Pomenyedwapo pamaphulika kamtambo kowala kothamanga makilomita 10 kapena kuposa pa sekondi imodzi.

Tsono gawani kuwalako pawiri, mumenye malo awiri otalikirana mamilimita ochepa. Timitambo tiwiri tikumana pakati. Chichitike n'chiyani?

Ophunzira anga ndimawauza kuti aganize za msika waukulu wa Mbare Musika. M'bandakucha, anthu ochepa ochokera mbali ziwiri amangodutsana osakhudzana. Masana khamu likachuluka, njira imatsekeka, anthu n'kuunjikana pakati. Plazima nayo imatero: yopyapyala imalowana n'kupitirira, yothithikana imaima n'kumanga kakhoma kowala kamene akatswiri amati stagnation layer. Liwiro lonse lija limasanduka kutentha, ndipo kakhomako kamapitiriza kuwala timitambo toyamba tija titazilala kale.

Koma fanizo la msika limathera pomwepo, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umagunda. Ifetu timayembekeza kuti zothamanga kwambiri ndizo zigundane koopsa. Ayi ndithu. Maatomu otaya maelekitironi sagundana ngati miyala, amangokankhana ndi mphamvu ya magetsi, ndipo kukankhako kumafuna nthawi. Othamangitsitsa amadutsana asanakankhane mokwanira. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene atomu imayenda isanapatutsidwe umakula pafupifupi ka 16. Ndiye amene amaima pakati ndi oyenda pang'onopang'ono aja, obwera m'mbuyo.

Musayese ndi masewera. Ku National Ignition Facility, malo ofufuzira mphamvu yochokera ku kuphatikana kwa maatomu ku California m'dziko la America, maleza 192 amawomba m'kati mwa kachitini kakang'ono kopakidwa golide, ndipo plazima yochoka m'makoma ake imathamangira pakati n'kukumana. Ikaunjikana posayenera imatchinga kuwala kwa leza, kambulu ka hayidirojeni kamene amaika pakati pa kachitiniko osapanikizika mofanana mbali zonse. Pa 5 Disembala 2022 kumeneko analowetsa mamegajulu (muyeso wa mphamvu) 2.05 a kuwala, kuphatikana kwa maatomu a hayidirojeni n'kutulutsa mamegajulu 3.15.