Chimbale cha Linux chikonzedwe kompyuta isanayambe kudwala

Pafupifupi sabata iliyonse pa shopu yanga ku Kamwala mu Lusaka pamafika munthu atanyamula DVD, akudandaula kuti chimbale chake cha Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta monga Windows, chikukana kuyatsa kompyuta. Ndikachilowetsa m'makina ndimapezamo fayilo imodzi ya ISO itangokhala, yokopedwa ngati nyimbo. Pakamwa pandiwawa ndi kubwereza mawu omwewa: ISO ndi chifaniziro cha chimbale chathunthu, ndipo iyenera kubenedwa, ndiko kuti kulembedwa pa DVD, monga chifaniziro, kuti kachigawo koyatsira makina, kotsata dongosolo la El Torito la mu 1995, kakhale pamalo pamene kompyuta imakafunafuna ikangoyaka. Kupanda apo mwangowononga DVD.

Chimbale chotere, choyendetsa Linux popanda kuiika m'makina, sichachilendo, pakuti Klaus Knopper anatulutsa chake chotchedwa Knoppix m'chaka cha 2000. Pa zimbale zambiri za masiku ano, Linux yonse imapanikizidwa m'fayilo ya mtundu wa SquashFS imene imangowerengedwa, ndipo chilichonse chimene mwasintha chimasungidwa mu RAM, malo osungira zinthu kwakanthawi, n'kufafanizika mukazimitsa. Ubwino wake wagona pomwepo, chifukwa hadi disiki yanu siikhudzidwa pokhapokha inu mwini mutalamula.

Wofuna kupanga chimbale chakechake amamasula SquashFS ija, amalowamo ndi lamulo la chroot, amachotsa mapulogalamu osafunika n'kuikamo amene akuwafuna, kenaka amapanikizanso ndi pulogalamu ya mksquashfs ndi kumanga ISO yatsopano ndi ina ya xorriso. Pali zida zothandiza pa ntchitoyi: ogwiritsa Linux ya mtundu wa Debian ali ndi live-build, a mtundu wa Ubuntu ali ndi Cubic, ndipo zonsezi sizovuta kwa munthu wodekha. Chimene chimandikwiyitsa ndi kusasamala pa zinthu zazing'ono. Makompyuta akaunjika amene adzaza mu Lusaka muno ndi osakanikirana, ena amayaka ndi dongosolo lakale la BIOS, ena ndi latsopano la UEFI, choncho chimbale chokhala ndi pulogalamu yoyatsira ya ISOLINUX yokha, imene ndi ya BIOS, popanda inzake ya GRUB ya UEFI chidzayaka ku Matero n'kukana ku Chilenje. CD ya 700 MB yachepa masiku ano, gulani DVD ya 4.7 GB. Mukatsitsa ISO pa intaneti yerekezerani nambala yake ya SHA256, yosonyeza ngati fayilo yafika yosawonongeka, ndi imene eni ake anasindikiza, makamaka ngati magetsi anazima ntchito ili mkati, ndipo muiyese mu VirtualBox kapena QEMU, mapulogalamu oyerekezera kompyuta ina mkati mwa yanu, musanabene. Ndinaonapo mnyamata wina akugawira anzake chimbale chimene anaiwalamo mapasiwedi ake onse a mu Firefox.

Koma nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya amayi ena a ku Kalingalinga, amene amatayipira ophunzira a ku yunivesite zolemba zawo. Anandiimbira foni kuti kompyuta yawo ikumveka kugogoda mkati ndipo ikuchedwa kutsegula mafayilo. Ndinawauza kuti, "Amayi, hadi disiki imeneyo ikufa, zimitsani lero lomwe mubwere nayo, tiiyatse ndi chimbale tikope zonse isanatheretu." Anayankha kuti ntchito yachuluka, abwera ikachepa. Panapita masabata atatu akuigwiritsabe ntchito, ndipo tsiku lililonse disiki yodwala ikazungulira malo owonongeka amawonjezeka.

Kompyutayo itakana kuyaka, sanabwere kwa ine. Wina anawalozera kwa mnyamata wa m'tauni amene amati ali ndi chimbale chochiza matenda onse a kompyuta pamtengo wotsika. Chimbalecho chinali Ubuntu wamba, ndipo chikanawapulumutsa ndithu, chifukwa poyaka chimafunsa ngati mukufuna kungoyesa kapena kuika Ubuntu m'makina. Mnyamatayo anasankha kuika, navomera kuti disiki yonse ifufutidwe, ndipo anawabwezera kompyuta yoyaka bwinobwino koma yopanda kanthu, ndalama n'kulandira. Anthu oterewa achuluka m'misika yathu. Amagulitsa zimbale zimene sakudziwa kuti anapanga ndani ndiponso muli chiyani, pamene wopanga chimbale angathe kubisamo pulogalamu yolemba chilichonse chimene mukutayipa, kuphatikizapo nambala zachinsinsi za kubanki. Wina akafuna kukukonzerani kompyuta, mufunseni kuti ayamba wakopera kuti mafayilo anu. Akachita chibwibwi, nyamulani makina anu muzipita.

Amayi aja anafika kwa ine madzulo ake, ophunzira awiri ali pambuyo. Ndinayamba ndakopa disiki yonse ndi pulogalamu ya ddrescue, kenaka ndinasiya PhotoRec, yofunafuna mafayilo ofufutidwa, ikufufuza usiku wonse. Zimene Ubuntu inalembapo pamwamba zinali zitapita, ndipo zotsalazo zinabwera zopanda maina ake, zina zoduka pakati. Wophunzira mmodzi anapezamo mitu itatu mwa mitu isanu ya kafukufuku wake, mnzakeyo anapezamo tsamba loyamba lokha, tsiku lopereka lili Lachisanu.