Yunivesite ya boma si kothawira okanidwa

Anthu ambiri akamva za maphunziro apamwamba ku America amangoganiza za Harvard, Yale kapena Stanford, mayunivesite omwe si a boma. Amati mayunivesite a boma ndi a ana amene akanidwa kwina. Maganizo amenewa ndi akalekale, koma ndi olakwika.

Taonani University of California ku Berkeley. Inakhazikitsidwa ndi boma la California mu 1868, ndipo lero kukuphunzira anthu oposa 40,000. Kumeneku Ernest Lawrence anapanga cyclotron, makina othamangitsa tizidutswa ta atomu, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1939. Makina oyambirirawo ankakwana m'dzanja. Mu 1941 Glenn Seaborg ndi anzake anazindikira plutonium, chitsulo chogwiritsidwa ntchito popanga mabomba a nyukiliya, m'kachipinda ka nambala 307 m'nyumba ya Gilman Hall pa yunivesiteyi. Mu 2020 Jennifer Doudna, pulofesa wa komweko, analandira Nobel limodzi ndi Emmanuelle Charpentier chifukwa cha CRISPR, njira yodulira ndi kusintha DNA, imene imasunga chibadwa cha zamoyo.

Chimene chimasokoneza anthu, ndikuona, ndi chigulu cha ophunzira. Chaka choyamba munthu amakhala mu holo ndi anzake mazanamazana, pulofesa akuoneka chapatali. Wamanyazi amavutikadi, izi sitingabise. Koma pulofesa yemweyo ali ndi labotale yake, ndipo wophunzira wolimba mtima kukagogoda amatha kuyamba kafukufuku asanamalize digiri yoyamba.

Malo ku Berkeley sapezeka mophweka: ochuluka mwa ofunsira amabwezedwa. Komanso yunivesiteyi si yaulere. Ochokera kunja kwa California amalipira fizi yokwera kwambiri kuposa eni dera.