Digiri ya "general" si ya otsalira

Makolo ambiri akamva kuti mwana wasankhidwa kukachita Bachelor of Arts kapena Bachelor of Science (madigiri otchedwa "general") ku Zomba, amagwa mphwayi. Amati imeneyo ndi digiri yopanda ntchito, ya amene alephera kulowa udokotala kapena zamalamulo. Maganizowa ndi akalekale, koma ndi olakwika.

Taonani mmene maloya athu akhala akuphunzirira. Kwa zaka zambiri ku Chancellor College, yomwe kuyambira 2021 ndiyo University of Malawi, munthu sankalowa zamalamulo atangolemba MSCE. Ankayamba wachita kaye maphunziro ena, monga mbiri, filosofi kapena Chingerezi, kenako n'kupikisana ndi anzake. Ngakhale College of Medicine, yomwe inatsegulidwa mu 1991, inkatenga ophunzira ochokera ku sayansi ya ku Chanco komweko.

Pa digiri ya "general", chaka choyamba mwana amalawa maphunziro angapo. Amaphunzira kulemba nkhani yokhala ndi umboni, kusakatula mabuku mu laibulale, kuyeza zinthu mu labu. Ndi pamene ena amazindikira kuti kemisitiri ankangoiloweza, sankaikonda. M'zaka zomaliza amazama pa phunziro limodzi kapena awiri, ndipo ndi omwewo amene amakawapitiriza ku masters.